Boila Imene Alongo Anga Anandimangira

Alongo anga aakulu anachoka pamudzi ine ndisanayambe sukulu. Anapita kumigodi monga ankachitira anyamata ambiri a kwathu ku Mburuma masiku amenewo, ndipo ankabwera mwa apo ndi apo, kugona pang'ono n'kubwerera. Anthu akawafunsa amayi kuti mwana wanu agwira ntchito yanji kutauni, iwo ankayankha monyadira kuti, "Ali pa boila." Wina anadzawauza kuti mawuwo atanthauza kuwiritsa madzi, ndipo kuyambira pamenepo amayi anakhazikika mtima kuti mwana wawo amawiritsira mabwana madzi a tiyi. Anamwalira akudziwa zimenezo. Inenso ndinakula ndikudziwa zomwezo, ndipo ndinkaiona ngati ntchito yachabechabe kwa mwamuna wamkulu.

Pa maliro a amayi alongo angawo sanabwere. Tinadikira, tinaika, tinameta, iwo osaoneka. Sindinawafunse chifukwa chake ngakhale pamene tinadzakhala pakhomo limodzi, ndipo mpaka lero sindichidziwa. Koma nkhaniyo inandikhala pamtima zaka zambiri.

Ine ndinakwatiwa ku boma, ku Feira. Amuna anga atamwalira anandisiyira zipinda zingapo kufupi ndi doko, zimene ndimagonekamo amalonda a nsomba odikira mabwato ochokera ku Zumbo. Ntchito imeneyi ndiyo yandilelera ana.

Tsiku lina masana, ndikuyanika mashiti a pabedi, ndinamva odi kumpanda. Panali mdala wowerama pang'ono, atanyamula chikwama chimodzi chomangidwa ndi chingwe. Ndinawazindikira ndi mphumi, chifukwa inali ya atate yeniyeni. Fakitale ya kudera la migodi imene ankagwirako inali itatsekedwa kalekale, alamu anga anali atamwalira, ndipo ana awo kutauni ankakhala m'tizipinda tosawakwana ngakhale eni akewo. Makutu awo anali atagontha pang'ono ndi phokoso la makina, diso lakumanzere litachita ng'ala.

"Mlongo, ndabwera," anatero.

"Fikani, alongo."

Ndinawapatsa chipinda chakumapeto. Sindinawathamangitse, komanso sindinganame kuti ndinawalandira ndi manja awiri. Tinkapatsana moni m'mawa, ndinkawapatsa chakudya, basi. Tsiku lonse ankakhala pansi pa mtengo wa msawu wa pabwalo, manja ali pamaondo, kuyang'ana anthu opita kudoko. Alendo anga ena ankayesa ndi mlonda.

Anthu a kumtunda amati kuno kulibe mphepo. N'zoona kuti dzuwa la mu Okutobala limapha ndi nkhuku zomwe, koma akadzabwere mu Juni, mphepo ikamachokera pamene Luangwa amathira mu Zambezi. Nthawi imeneyo mlendo aliyense amafuna madzi otentha. Mmodzi wa alendo anga okhazikika anali mayi wa ku Lusaka wogula nsomba zouma za pende, wamawu aakulu koma wamtima wabwino. Iye akangofika ankayamba ndi nkhani yomweyo: "Amayi a nyumba, ine madzi ozizira sinisamba iyayi." Ndinkatereka ndowa pa mafuwa, ina ikatentha n'kuterekanso ina, utsi uli m'maso, nkhuni za mupani zikutha ngati udzu.

Alongo anga anandiyang'ana ndikuchita zimenezi kwa kanthawi ndithu. Kenako tsiku lina ananyamuka pampando wawo n'kudzaima pafupi ndi mafuwa.

"Mlongo, moto wakowu ukutenthetsa mphepo, osati madzi."

"Nanga ndichite bwanji? Ndiutsekere m'nyumba?"

Ndinayankha mwachipongwe, koma iwo sanamve chipongwecho, kaya chifukwa cha makutu aja. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya, uutsekere m'nyumba yake. Undipezere dramu, ndikumangire boila."

Dramu loyamba limene ndinapeza analikana. Linali losungiramo petulo, ndipo anati ngakhale litsukidwe bwanji, wowotcherera zitsulo akangoligunda ndi moto wake likhoza kumuphulikira. Tinapeza lina lochindikala la mafuta ophikira. Mapaipi tinakatola kwa wogulitsa zitsulo zakale. Anapita okha kwa wowotcherera atalemba ndi choko malo onse oboola, ndipo anaimirira pomwepo mpaka ntchito itatha.

Munthu uja wokhala chete pansi pa msawu anasanduka wina. Anayamba kulankhula, ndipo sankafuna kuti ndichoke pamene akumanga. Ankati boila siyendetsedwa ndi munthu wosaidziwa ziwalo. Ine ndinkawapatsira njerwa ndi dothi, iwo akutchula chinthu chilichonse dzina lake.

Anayamba ndi ng'anjo, kanyumba ka njerwa kokhala ndi khomo kutsogolo. M'kati anagonekamo zitsulo motalikirana pang'ono, zoti nkhuni zizikhala pamwamba pake, phulusa lizigwera pansi, mpweya uzilowera m'munsi. Dramu analigoneka chammbali pamwamba pa ng'anjoyo. Chumuni anachimanga kumbuyo kwenikweni, ndipo nditafunsa kuti bwanji osachiika pafupi ndi khomo, anati moto umatsata kumene utsi ukupita. Chumuni chikakhala kumbuyo, malawi ayenera kuyenda m'mimba monse mwa dramu asanatuluke. Atatero analikuta dramulo ndi njerwa ndi dothi kuti lisataye kutentha.

Pambali anaimika nsanja ya mitengo n'kuikapo thanki ya pulasitiki, yoti tizithiramo madzi. Paipi yochokera ku thankiyo inakalowa kunsi kwa dramu, ndipo yopita kubafa inatulukira pamwamba. Madzi otentha amakwera okha, anatero, ozizira amakhala pansi, choncho wosamba amatenga a pamwamba pamene ozizira akulowa kunsi kudzaza malo. Pa paipi ya madzi ozizira anamangapo kachitsulo kamkuwa kamene anakatcha valavu. M'kati mwake munali kachitseko kolola madzi kupita ku dramu koma osabwerera, kuti otentha asakafewetse thanki ya pulasitiki. Kunsi kwenikweni kwa dramu anaikako pompi ina yoyang'ana pansi.

"Iyi ndi yotayira matope. Madzi a mu Luangwa uwadziwa. Matope akadikha pansi amauma n'kukhala makoko, moto umalephera kufika ku madzi, chitsulo n'kupsa. Uzitsegula kawirikawiri mpaka madzi atayera."

Panatsala paipi imodzi yopyapyala, yochokera pamsana pa dramu kupita kumwamba, kupitirira thanki, yosalumikizidwa kulikonse.

"Nanga iyi, alongo? Mwaiwala kuitseka?"

"Imeneyo ndiyo mphuno. Madzi akatentha amafufuma, akawira amatulutsa nthunzi. Zonsezo zifuna potulukira. Ukaona ikudontha kapena ikufuka, usadandaule, ndiye kuti boila ikupuma. Usadzalole munthu kuitseka." Anapukuta manja pa thalauzi n'kuwonjeza kuti, "Zina ziwiri. Usayatse moto dramu lisanadzaze. Ndipo ukaona chachilendo chilichonse, yamba ndi moto. Chotsa nkhuni, zina uziganiza pambuyo."

Tsiku loyamba kuyatsa, mayi wa ku Lusaka uja analowa m'bafa akukayika. Tinamva pompi ikutseguka, kenako mfuu, kenako nyimbo ya kutchalitchi. Nkhuni zimene kale zinkatenthetsa ndowa zochepa tsopano zinkasambitsa alendo onse, madzi n'kutsalabe ofunda mpaka m'mawa mwake.

Madzulo amenewo, dzuwa lisanalowe, tinakhala awiri pafupi ndi ng'anjo kuwotha makala otsala. Ndinawauza zimene amayi ankakhulupirira, za tiyi wa mabwana. Anaseka mpaka misozi, kuseka kumene ndinali ndisanakumvepo. Atatha anati, "Ndiye amayi anapita osadziwa."

Anandifotokozera boila yawo ya kufakitale. Inali yaikulu ngati basi, yodya malasha. M'kati mwake munali machubu ambiri, moto unkadutsa m'machubumo, madzi ali kunja kwake mozungulira. Yathuyi, anati, ndi ya madzi otentha chabe, sitifuna n'komwe kuti awire. Ija inali ya sitimu. Madzi ankawira ali otsekeredwa dala, kuti nthunzi ikhale ndi mphamvu yoyenda m'mapaipi kukagwira ntchito fakitale yonse. Popeza inalibe mphuno yotseguka ngati yathu, inali ndi sefeti valavu pamwamba, yotseguka yokha mphamvu ikapitirira muyezo, ndipo ikalira munthu sankamva mnzake. Inali ndi geji, ngati wotchi ya muvi umodzi, yoonetsa mphamvu ya nthunzi. Inalinso ndi galasi, kachubu koonekera m'kati koimirira pambali, koonetsa pamene madzi afika. Madzi akatsika, ankaliza pampu yowonjezera ena.

"Ntchito yanga inali maso," anatero. "Galasi, geji, moto. Galasi, geji, moto. Moyo wanga wonse unathera pamenepo."

Ndinawayang'ana diso lawo loyera lija, ndipo ndinaganiza za zaka zonse zimene kwathu tinkatchula ntchito yawo osaidziwa. Munthu wa mimba imodzi ndi ine anakalamba pamaso pa chinthu chimene palibe aliyense wa ife anachionapo.

Mphepo itatha, boila inagona. Kuno dzuwa likakwiya palibe wofuna madzi otentha, a m'thanki amatentha okha. Kunatentha, mvula inagwa, tinakolola, boila ili chigonere. Mphepo ya chaka chotsatira ili pafupi, kunamveka kuti kuchipatala cha mishoni ku Katondwe kwabwera madokotala ochotsa ng'ala. Alongo anga ankaopa mpeni, koma ndinawakakamiza mpaka anavomera. Ndinawaperekeza, anawagoneka, ine n'kubwerera kudzasamala alendo.

M'masiku omwewo mphepo inayamba mwadzidzidzi, ndipo mayi wa ku Lusaka anafika ndi anzake. Ndinachita monga anandiphunzitsira. Ndinatsegula pompi yotayira matope mpaka madzi atayera, ndinadzazitsa thanki, ndinatsegula ya kubafa kuona kuti madzi akutuluka, ndiye n'kuyatsa moto chamasana. Popeza alendo anali ambiri ndinasonkhezera kwambiri, n'kupita kukayala mabedi.

Ndili m'chipinda ndinamva kulira kwachilendo, ngati munthu wamenya lata ndi chibakera. Ndinatuluka. Alendo anali atakhala pakhonde kusankhula nsomba zawo, ena pafupi ndi ng'anjo kuwotha. Dramu linkalira chapansipansi, ndipo dothi lomatira kutsogolo kwake linali litang'aluka. Pamng'alupo ndinaona kuti nkhope ya dramu, imene inali yafulati, yatupa ngati mimba. Ndinakweza maso kuyang'ana mphuno. Moto wonsewo, madzi akumveka kuwira, koma kumwambako kunalibe dontho kapena kanthunzi.

"Chokaniko nonse! Pitani kumsewu!"

Anandiyang'ana modabwa, koma mawu anga ayenera kuti anali achilendo, chifukwa ananyamuka. Mayi wa ku Lusaka yekha anathamangira ndowa ya madzi kuti athire pa dramu.

"Ayi, mayi, musathire! Tulani pansi!"

Sindinkadziwa bwinobwino chimene madzi ozizirawo akanachita pa chitsulo chotupa chotero, ndinkangodziwa kuti sindinauzidwe zimenezo. Ndinatenga khasu, ndinaima chammbali mwa khomo la ng'anjo, n'kuyamba kukokera nkhuni panja. Zikuni zoyaka zinagwera pafupi ndi mapazi anga, chitenje chinapsa m'mphepete, koma ndinakokabe mpaka makala onse atatuluka. Mayi uja sanathawe. Iye ndiye ankazimitsa zikunizo ndi madzi ake aja, akupemphera mokweza.

Ndinaganiza kuti ngati mphuno yatsekeka, khomo lotsala ndi pompi ya kubafa. Ndinakulunga dzanja ndi thaulo, ndinaima kunja kwa chitseko, n'kuipotoza pang'ono. Inalavula madzi ndi nthunzi mwaukali, bafa lonse linayera, ine n'kuthawira panja. Inafuula nthawi yaitali, kenako inayamba kufooka, mpaka panatsala madzi oyenda bwinobwino. Dramu linaleka kulira. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ndipo mayi uja anadzakhala pambali panga. Tsiku limenelo palibe anasamba.

M'mawa mwake wowotcherera uja anabwera kudzamasula mphuno. Anailowetsa waya, wayayo anakana. Ataidula tinapeza kuti mavu aja omanga ndi dothi anamangamo zisa zawo motsatizana, dothi litauma gwa ngati njerwa. Anali ndi miyezi yonse ya dzuwa ndi mvula yogwira ntchito yawo popanda wowasokoneza.

Ndinakwera galimoto kupita ku Katondwe. Ndinawapeza alongo anga atakhala pa benchi kunja kwa wodi, diso lili ndi bandeji. Panjira ndinali nditaganiza zowabisira mpaka atachira, koma anangondiona m'mphepete mwa chitenje n'kufunsa kuti chapsa ndi chiyani. Ndinawauza zonse, mokweza kuti amve.

"Unayamba ndi chiyani?" anafunsa.

"Moto."

"Wapsa ndani?"

"Palibe."

Anapumira m'mwamba. Anati mlandu ndi wawo, anayenera kuika sefa kukamwa kwa paipiyo, koma kufakitale kunalibe mavu ndipo boila ya kumeneko sinkagona miyezi. Kenako, ndisanafunse, anayamba kundiuza za mnzawo wina amene ankagwira naye ntchito ali anyamata, wa mtundu wa Abemba, wokonda nthabwala, amene ankadya naye mbale imodzi. Tsiku lina kabowo ka kunsi kwa galasi kanatsekeka ndi makoko. Galasi linkaonetsa kuti madzi alimo, pamene m'kati anali atatsika, machubu atayamba kufiira. Atazindikira, mnzawoyo mwamantha analiza pampu, madzi ozizira n'kugwera pa chitsulo chofiira. Chubu linang'ambika iye ataima kutsogolo. Alongo anga anali kuseri kukatenga malasha.

"Ndine ndinamunyamula," anatero. "Khungu lake linatsalira m'manja mwangamu. Sanafike tsiku lachitatu." Anatambasula manjawo pamaondo ngati akufuna ndiwaone. "Kuyambira pamenepo sindinalikhulupirirenso galasi. Ndikangofika pantchito ndinkayamba ndalitsuka ndi nthunzi, ndione madzi akutsika n'kukweranso, ndiye n'kukhala pansi. Anzanga ankandiseka. Nkhani imeneyi ngakhale alamu ako sindinawauze bwino."

Pafupi nafe panadutsa anamwino akukankha njinga ya odwala, kutsidya kwa mpanda ana a sukulu akuimba. Ndinamasula kamtolo kamene ndinabwera nako, mbatata yophika ndi nsomba yowamba, ndipo tinadya limodzi pa benchipo. Ndinazindikira tikudya kuti aka kanali koyamba kudya nawo mbale imodzi chibwerere chawo. Masiku onse aja ndinkawatumizira chakudya kuchipinda.

Atatuluka m'chipatala diso linkaona bwino, moti anadabwa kuti tsitsi langa lili ndi imvi. Dramu lotupa lija analichotsa, anati chitsulo chikatupa kamodzi sichikhulupirikanso. Anaika lina, mphuno anaika yokulirapo, kumwamba kwake anakupinda kuti kuyang'ane pansi n'kumangako sefa ya waya. Chaka chilichonse mphepo ikamayandikira ndimamasula sefayo n'kulowetsa waya mpaka m'dramu ndisanagwire machesi. Ena a zipinda zogona kuno anabwera kudzaonera, ndipo alongo anga anawamangira zawo.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti kuchipatala kuja anakumana ndi mayi wina wamasiye wa kwathu ku Mburuma, amene ankadwazika mkulu wake mu wodi ya amayi. Ankawabweretsera madzi akumwa pa benchi paja, ndipo popeza mawu ake ndi okweza mwachibadwa, ankamvana bwino. Patapita nthawi alongo anga anandiitana pansi pa msawu, akuchita manyazi ngati mnyamata, n'kundipempha kuti ndikawaimire monga mlongo wawo. Ndinapita ndi atsibweni athu amene anatsala, ndipo ukwati unadalitsidwa m'katchalitchi ka kumudzi.

Tsopano akhala kumeneko, akuweta mbuzi ndi kulima mapira. Ndinakawaona chilimwe chathachi. Akalamba, makutu atsekeratu, koma anenepa. Alamu anga atsopanowo amawalankhula ndi manja, ndipo amakangana za mbuzi zolowa m'dimba ngati anthu amene anakwatirana ali ana. Pobwerera anandiperekeza onse awiri mpaka kumsewu, ulendo wautali ndithu, alongo anga akukoka kambuzi kakakazi kamene anandipatsa. Tinakhala pamthunzi wa mlambe mpaka dzuwa litapendeka, pamene lole ya makala inatulukira. Anandikweza pamwamba pa matumba, anandipatsira kambuziko, ndipo kanalira njira yonse mpaka ku boma.